Mmene tinapezera Bonya khomo lina: ndemanga yanga pa malo osamalira agalu kuno ku England

Kalata yotiuza kuti tisamuke inafika Lolemba, pa 2 Seputembala 2024, nditangolowa kumene kuchokera ku ntchito ya usiku. Kuno ankaitcha section 21: mwini nyumba sankafunika kupereka chifukwa, ankangokupatsani miyezi iwiri basi. Mwini nyumba wathuyo anali munthu wabwino, anachita kuimba foni n'kupepesa kuti nyumbayo akuigulitsa. Tsiku limenelo za galu sizinandibwerere n'komwe m'mutu. Ndinkaganiza za sukulu ya ana, za dipoziti, za basi ya kuntchito. Za Bonya, galu wathu, zinadzatulukira patatha milungu itatu, titayendera nyumba zisanu ndi imodzi, kulikonse akutiyankha chimodzimodzi: ziweto ayi.

Amalawi anzathu awiri a kuno ku Nottingham andifunsa kale kuti galu uja munamutani, wina mwachipongwe, winayo chifukwa nayenso zamufika pakhosi. Ndiye ndati ndilembe kamodzi. Malo omwe anatithandiza sindiwatchula dzina, poti ndili ndi zowayamikira komanso zowadandaula, ndipo ambiri ogwira ntchito kumeneko ndi ongodzipereka, mwezi ukatha salandira kanthu. Ndingonena kuti si mabungwe akuluakulu aja odziwika kwa aliyense, monga RSPCA yomwe inayamba mu 1824, Battersea ya ku London ya mu 1860, kapena Dogs Trust. Awa ndi malo aang'ono a kumudzi, kunja kwa tauni, makola ochepa, ndi kashopu ka kaunjika komwe kamawapezera ndalama.

Bonya tinamutenga mu Malichi 2023 kwa mnzanga wa kuntchito yemwe galu wake anaswa ana asanu. Mbali ina ndi Jack Russell, mbali inayo ndi chinsinsi cha amake. Anabwera ali kowonda, maso okhaokha, moti bambo a kunyumba atamuona anati, "Kameneka ndi kagalu kapena bonya?" Dzina linakhala lomwelo. Ine poyamba ndinakana kwamtuwagalu. Ndinakulira ku Ntcheu komwe galu amagona pa phulusa kuseri kwa khitchini, amadya mkute ndi nsima ya madeya, ndipo ntchito yake ndi kuuwa usiku ndi kutsata anyamata kosaka akalulu. Agogo anga aamuna anali ndi galu dzina lake Zilikwanu, dzina lomwe kunena zoona linali uthenga wopita kwa apongozi awo. Galu wogona pa sofa ndinkamuona ngati zachizungu zopanda mutu. Koma ana anabwera kuno mu 2022, wamkulu ali ndi zaka 11, ndipo chisanu choyamba chinamuzunza. Anasiya kulankhula, akaweruka kusukulu ankangodzitsekera kuchipinda. Kagaluko ndi komwe kanamutulutsa. Ndinagonja. Walira mvula walira matope: chakudya, katemera, mankhwala a utitiri, ubweya pa yunifolomu ya kuntchito.

Kwathu nkhani yotereyi sikanafika pa fomu. Ukamasamukira m'nyumba yopanda mpanda ku Ndirande, galu umamukweza pa matola kukamusiya kwa amalume kumudzi, nkhani yathera pomwepo. Amayi anga nditawauza pa foni anaseka mpaka kutsokomola. "Mwana wanga, iwe ukulirira galu? Ingomupatsa munthu." Ndinati, "Amayi, munthu wakeyo ndi amene akusowa." Onse omwe timadziwana nawo ali pa lendi ngati ife, ndipo amagwira mashifiti a maola 12. Mnzathu wina anatinong'oneza zoti tingomusiya papaki. Umenewo ndi mlandu pansi pa lamulo la Animal Welfare Act la 2006, komanso galu wotoledwa khonsolo imamusunga masiku 7 okha. Mwini akapanda kupezeka angathe kuperekedwa kwina, ndipo lamulo limalolanso kumupha. Zomutsatsa pa intaneti kuti waulere ndinaziganizira usiku umodzi, koma munthu amene wangoimba foni n'kubwera kudzanyamula galu pakhomo, udziwa bwanji kuti akukamutani?

Foni yoyamba sinandisangalatse, ndiyambe ndi zimenezo. Amayankha kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, nthawi yomwe munthu wa usiku ngati ine ali m'tulo tofa nato. Ndinasiya uthenga Lachitatu. Anaimba Lachisanu ndikugona, nambala yobisika, osasiya uthenga. Lolemba chimodzimodzi. Lachiwiri ndinakana tulo, ndinakhala pampando foni ili m'manja ngati ndikudikira zotsatira za mayeso a Fomu 4, mpaka ndinawapeza. Mayi yemwe anayankha anayamba ndi kufunsa mtundu wa galu. Chifukwa chake ndinadzachimva pambuyo: kuyambira pa 31 Disembala 2023 agalu a XL Bully saloledwa kugulitsidwa kapena kupatsidwa kwa munthu wina ku England ndi Wales, ndiye amayamba atsimikiza kaye. Zimenezo n'zomveka. Funso lachiwiri ndi lomwe linandibaya: "Munatengeranji galu mukudziwa kuti muli pa lendi?" Ndinangoti kakasi. Mwina anali atatopa, mwina tsiku limenelo anali atamva nkhani yomweyi kambirimbiri. Koma munthu amene wafika poimba foni imeneyo amakhala atadziweruza kale usiku wonse. Ndikanakhala wamtima wapachala ndikanadula, ndipo Bonya akanathera kwina.

Kenaka anandiuza mosapsatira kuti makola adzaza, ndipo odikira ali pa mndandanda wa miyezi itatu kapena inayi. Anati agalu ambiri ndi omwe anthu anagula nthawi ya Covid, ena ndi a anthu omwe zinthu zawadulira. Ife tinali titatsala ndi milungu isanu. Apa mlandu ndi wanga: zengerezu adalinda kwawukwawu, milungu itatu yoyamba ija ndinaitaya ndikuyembekeza kuti tipeza nyumba yolola galu. Mukangolandira kalata yosamuka, imbani tsiku lomwelo, ngakhale musanatsimikize. Dzina mutha kulichotsa pa mndandanda zinthu zikayenda bwino.

Nditatsala pang'ono kutsanzika, mayiyo anati pali njira ina. Galu amakhalabe pakhomo panu, osalowa m'khola ngakhale usiku umodzi, iwo n'kumamutsatsa, kusefa ofuna kumutenga, ndi kukayendera nyumba zawo. Akapezeka munthu, galu amachoka pakhomo panu kupita pakhomo pake. Njira imeneyi ndiyo yomwe ndikuyamikira m'ndemanga ino, ndipo chondidabwitsa n'chakuti anaitchula komalizira, ngati chinthu chongokumbukira.

Fomu yawo ndi ya masamba 9, ndipo pa foni inkafufutika ndikafika pakati. Tinakadzaza pa laputopu ya mwana. Mafunso ake sindinawayembekeze. Amadya chiyani, kangati patsiku, amagona pati, amatsala yekha maola angati, amatani akaona mphaka, njinga, galu mnzake, munthu wovala chipewa. Ndinachita manyazi kuona kuti ambiri mwa mayankho ndinalibe. Mwana wanga wamkulu ndi amene ankayankha, ali chiimire kumbuyo kwanga, mawu ali pansipansi: amaopa makina osesera m'nyumba, sakonda kugwidwa miyendo yakumbuyo, akamva belu amauwa katatu n'kusiya.

Tsamba la 6 linali ndi funso lomwe linatigoneka mochedwa. Kodi analumapo munthu, kapena kufuna kuluma? Mu Julayi tinali ndi alendo a kutchalitchi, tinaphika nsima ndi nkhuku. Kamwana kawo ka zaka ziwiri kanakwawira pansi pa tebulo pomwe Bonya ankatafuna fupa, n'kulikoka. Bonya anatembenuka, khapu! Mano anakanda dzanja, magazi sanatuluke, mwana analira n'kutonthola, makolo ake anati palibe kanthu. Tinaiwala. Tsopano funso lili pamaso.

"Mayi, zimenezo musalembe," anatero bambo a kunyumba. "Mukalemba ndiye kuti mwamupha."

"Nanga akakaluma mwana wa eni ake, bambo, mlandu ukhala wa ndani?"

"Sanalume. Anangochenjeza."

Tinakangana monong'ona mpaka pakati pa usiku kuti ana asamve. Pamapeto pake kabokosiko ndinakasiya kopanda kanthu, n'kutumiza fomu. Si bodza, ndinadziuza choncho, ndangodumpha.

Anatiitana Loweruka kuti akamuone. Kufika kwake n'kovuta ngati mulibe galimoto: basi imakusiyani pamsewu waukulu, kotsalako ndi kanjira kopanda poyenda apansi. Ife tinabwereka galimoto ya abale ena a kutchalitchi. Pamalopo n'paukhondo, fungo la mankhwala okolopera limakulandirani pageti, makina ochapira akungozungulira ndi matawulo akale, anthu ovala magambutsi akudutsana ndi ndowa. Koma phokoso! Agalu kuuwa kosalekeza, wina akayamba onse amalandira ngati kwaya. Bonya, yemwe kunyumba amadziyesa mkango, anapinda mchira n'kudzikanikiza pa miyendo ya mwana wanga. Pomwepo ndinamvetsa chifukwa chake njira yosalowa m'khola ija ili yabwino. Galu wozolowera sofa, milungu ingapo m'phokoso limenelo asintha khalidwe, ndipo wobwera kudzasankha adzaona galu wamantha kapena wolusa, osati yemwe ife tikumudziwa.

Anatilowetsa m'kachipinda kabata komwe tinakumana ndi mayi wina wa imvi, yemwe ntchito yake ndi kuona khalidwe la agalu. Ameneyu ndiye chuma cha malowo. Sanamuitane Bonya, sanamuyang'ane n'komwe. Anakhala pansi chammbali, miyendo atatambasula ngati ali pamphasa, n'kumacheza ndi ife, uku akuponya tizidutswa ta tchizi mosayang'ana. Patapita mphindi ngati khumi Bonya anali atamukwera pamiyendo. Anamugwira makutu, msana, mapazi. Anatulutsa chidole chachikulu ngati mwana, Bonya anangochinunkhiza. Ndiye anaika mbale ya chakudya pansi, n'kutenga kamtengo kokhala ndi dzanja la pulasitiki kunsonga, n'kuliyandikiza pang'onopang'ono. Bonya anasiya kutafuna. Thupi lonse linauma gwa, mutu uli m'mbale, diso likuyang'ana chammbali mpaka koyera kwa diso kuonekera. Mayiyo anabweza kamtengoko, sanapitirize. Anandiyang'ana, osati mokalipa, n'kufunsa: "Zimenezi munaziwonapo kale kunyumba, eti?"

Ndinaulula zonse, za nkhuku, za kamwana, za kabokosi komwe ndinadumpha. Bambo anangowerama. Ndinkadikira kuti atiuze kuti basi, galu wotereyu sitingathandize. Iye anati zikomo. Anatifotokozera kuti galu sangoluma mwadzidzidzi, amayamba wachenjeza: kuuma thupi, kunyambita milomo, kutembenuza mutu, kenaka kulusa chapakhosi. Anafunsa kuti akalusa timatani. Bambo anavomera kuti amamuwopseza ndi patapata. Mayiyo anati vuto lake ndi lomwelo: mukamulanga chifukwa cholusa, mantha ake sachoka, chomwe chimachoka ndi chenjezo, ndiye tsiku lina adzaluma osanena kanthu. Ine zaka zonsezi ndinkadziwa kuti galu wolusa kwa mbuye wake ndi wamwano, ofunika ndodo. Za mafupa a nkhuku ophika anatiuzanso kuti amasweka mosongoka ndipo amatha kubaya m'matumbo. Apo ndinangomwetulira chamumtima pokumbukira agalu a kwathu omwe amameza chilichonse chogwa pansi, koma sindinatsutse.

Chachikulu n'chakuti nkhani ija sinali chilango cha imfa monga tinkaopera. Inangosonyeza khomo lomwe Bonya akufunika: lopanda ana aang'ono, la munthu wodziwa kumusiya galu akamadya. Pomutsatsa analemba poyera kuti amateteza chakudya chake ndipo anakandapo mwana. Ndinkaganiza kuti palibe angamufune. Anthu 14 anafunsira. Ndikanapitiriza kubisa, akanatha kumupereka ku banja la ana okwawa, poti pa fomu ndinalemba kuti amakhala bwino ndi ana athu, zomwenso ndi zoona. Zikanathera kumeneko sindifuna kuziganiza.

Tsiku lomwelo anamuyendetsa kamakina paphewa kuti awerenge microchip, kachipangizo kakang'ono koikidwa pansi pa khungu kothandiza kudziwa mwini galu, ndipo panatuluka dzina la mnzanga wa kuntchito uja, ndi adiresi yomwe anasamukako kale. Chaka ndi theka tikukhala ndi galu yemwe pa mabuku sanali wathu. Kuno kuyambira mu Epulo 2016 galu aliyense ayenera kukhala ndi microchip akamakwana milungu 8, ndipo dzina ndi adiresi ya mwini ziyenera kukhala zolondola. Akakupezani amakupatsani masiku 21 kuti mukonze, mukalephera chindapusa chimafika mapaundi 500. Amphaka nawo analowa m'lamuloli ku England kuyambira pa 10 Juni 2024. A pamalopo sanatikalipire. Mtsikana wa pa desiki anandiuza zomupempha mnzangayo, ndinamuimbira pomwepo, ndipo tisanachoke zinali zitasinthidwa. Ngati munatenga galu kapena mphaka kwa mnzanu, kafufuzeni lero, musadikire zanga.

Nkhani ya ndalama inali ndi kachipsinjo kake. Samapereka galu wosafula, ndipo katemera wa Bonya anali atapitirira nthawi. Kwathu tikati katemera wa galu timanena wa chiwewe, ngati uja a Mission Rabies akhala akubaya ku Blantyre kuyambira mu 2015, agalu n'kumayenda ndi penti pamphumi. Kuno agalu alibe chiwewe, katemera wake ndi wa matenda ena monga parvo ndi distemper, ndipo amalipiritsa. Mtsikana wa pa desiki anandipatsa pepala la zipatala za ziweto zothandiza ovutika, n'kuti ndingopita ndi kalata yosonyeza kuti ndimalandira chithandizo cha boma. Ndinamuuza kuti ife a viza ya ntchito sitiloledwa kulandira chithandizo chimenecho, zinalembedwa ndithu pa chiphaso. Sanamvetse. Anabwereza kuti aliyense wolandira malipiro ochepa atha kulembetsa. Ndinafotokozanso, anthu ali pamzere kumbuyo kwanga akumvetsera za m'thumba mwanga. Apa ndiwadandaule: m'matauni ano osamalira okalamba ambiri ndife obwera, ndipo malo othandiza anthu ayenera kudziwa kuti pali ogwira ntchito usiku ndi usana omwe makomo amenewo ndi otseka kwa iwo. Mwamwayi mkulu wa pamalopo anamva, anatitengera pambali, n'kunena kuti ali ndi kathumba kawokawo. Ife tinapereka mapaundi 60, zotsalazo analipira iwo kwa dokotala wa ziweto yemwe amagwira naye ntchito. Bonya anafulidwa Lachitatu lotsatira, n'kubwera kunyumba atavala chipulasitiki chonga fanulo m'khosi, akugunda nacho zitseko, ali ndi nkhope ya munthu wolakwiridwa.

Chinanso chomwe sindinayembekeze n'chakuti anayesa kaye kuti galu asachoke. Mayi wa imvi uja anandifunsa mwachindunji: eni nyumba yatsopano atalola, mungamusunge? Ndinati inde. Anatilembera kalata yofotokoza za Bonya, msinkhu wake, kuti wafulidwa, wabayidwa katemera, sakodza m'nyumba, ngati kalata yofunsira ntchito. Tinaitumiza kwa osamalira fulati yomwe tinapeza. Anakana, ati malamulo a nyumba yonseyo saloleza ziweto, si nkhani ya munthu mmodzi. Sizinatheke, koma kuyesako ndinakuwerengera. Ali ndi shelefu ya chakudya cha agalu ndi amphaka chaulere kwa omwe mwezi wawavuta, ndipo safunsa zambiri. Amathandizanso pa foni za galu wouwa kwambiri kapena wowononga katundu, kuti munthu asafike potaya. Iwo sasungirako galu kwa kanthawi, koma amadziwa kokulozerani. Kwa othawa nkhanza za m'banja anatchula Freedom ya Dogs Trust, yomwe imasunga galu mpaka mwini atapeza pokhala. Kwa okalamba ndi odwala kwambiri kuli Cinnamon Trust. Ilo dzina ndinalilemba pa foni, chifukwa kuntchito ndimaona agogo akukana kupita kuchipatala poopa kuti galu atsala ndi ndani.

Mwa anthu 14 aja anatitumizira awiri okha, ndipo kusefa kumeneko ndi ntchito yomwe ndekha sindikanaitha. Oyamba anali banja lokhala ndi galu wamkazi wamkulu. Tinakumana pabwalo lina, osati kunyumba, kuti pasakhale mwini malo. Mphindi khumi sizinathe: wamkaziyo anaimika ubweya wa pamsana, Bonya naye osafuna kugonja, wogwira ntchito yemwe anatiperekeza anangoti izi sizitheka, tisakakamize. Ndinabwerera mtima uli m'malere, masiku akutha.

Wachiwiri anali bambo wachikulire wa kumudzi wina ku Derbyshire, dalaivala wa basi wopuma ntchito, akazi awo anamwalira, galu wawo wakale anafanso chaka chomwecho. Agalu ang'onoang'ono amtunduwu akhala nawo moyo wawo wonse, adzukulu awo ndi akuluakulu. Anabwera kunyumba kawiri. Ulendo woyamba anavula nsapato pakhomo osauzidwa, ndinawapatsa tiyi ndi mandasi, anadya atatu. Za kukanda mwana zija anali atawerenga kale, anangoti, "Inenso munthu akandilanda mbale ndingamulume." Anafunsa tanthauzo la dzina. Nditawauza kuti ndi tinsomba touma totsika mtengo, ndiwo ya pakati pa mwezi ndalama zikatha, anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kunena kuti dzinalo salisintha. A kumalo aja anapita kukayendera nyumba yawo, anapeza kampata pansi pa mpanda, anawauza kuti atseke kaye. Anasainirana pepala lonena kuti zikadzakanika, Bonya abwerera ku malowo, osagulitsidwa kapena kupatsidwa kwa wina. Ndime imeneyo ndi yomwe inandigonetsa tulo. Ndalama yotengera galu analipira bamboyo ku malowo. Ife anangoti tipereke zomwe tingathe, tinapereka mapaundi 40, ndipo palibe anayang'ana kawiri.

Pa za ana anatilangiza bwino. Anati tiwauze zoona msanga, tisanamize kuti galu wapita kokacheza, ndipo tiwalole alongedze okha katundu wake. Bulangete lake lisachapidwe, lipite ndi fungo la kunyumba. Wamng'ono analira tsiku limodzi n'kuyamba kufunsa ngati ku fulati kumaloledwa nsomba. Wamkulu sanalire. Anakhala pa tebulo madzulo atatu akulemba, ndipo nditasuzumira ndinapeza masamba atatu a malangizo. Apo ndi pomwe tonse tinatulukira chinthu chomwe ngakhale fomu ya masamba 9 sinafunse: Bonya samva Chingerezi. Pakhomo timamulankhula Chichewa. Mwanayo analemba mawu onse, matchulidwe ake pambali: khala pansi, bwera kuno, choka, siya, tiye, ndi "iwe!" wa pamene walakwa.

Anadzamutenga Lamlungu pa 27 Okutobala, tsiku lobweza mawotchi ola limodzi, moti tonse tinadzuka molawirira n'kumangoyang'anana. Wogwira ntchito mmodzi anabwera ndi mapepala, anasintha microchip kupita m'dzina la bamboyo tili pomwepo, ndipo anatichenjeza kuti kutsanzikana kusatalike chifukwa galu amatengera nkhawa za anthu. Sizinathe mphindi 20. Bonya analumphira m'galimoto yekha, wosakhulupirika uja, chifukwa pampando panali soseji. Bambo a kunyumba, omwe miyezi yonseyi ankati ndi kagalu chabe, anapita kukatsuka galimoto yomwe tilibe. Ndinawapeza ataima kuseri kwa nyumba pafupi ndi mabini.

Dandaulo langa lomaliza ndi laling'ono. Galu atangochoka, ife tinatha ntchito. A kumalo aja anamuimbira bamboyo patatha mlungu, n'kudzamuimbiranso patatha mwezi, zomwe ndi zabwino. Ife tinalandira imelo imodzi yothokoza, yolembera aliyense, pansi pake pali pempho la chopereka cha mwezi ndi mwezi. Mzere umodzi wonena kuti wafika bwino, akudya, ukanatikwanira. Dziwaninso kuti mukasaina mwasaina: simukhalanso ndi ufulu wokamuona kapena kulandira zithunzi, zimangotengera mtima wa mwini watsopano. Anatiuza zimenezi poyambirira, sanabise, koma kumva ndi kwina, kukhala nazo ndi kwina.

Pa nyenyezi zisanu ndikuwapatsa zinayi. Imodzi yapita ndi foni yoyamba ija ndi nkhani ya pa desiki. Ngati mukufuna kutula galu lero lomwe, malo ngati amenewa sakuthandizani, makola ndi odzaza ndipo sachita zothamanga. Ngati muli ndi mwezi umodzi kapena iwiri, ndipo mutha kupirira funso limodzi lopweteka, pitani, ndipo funsani nokha za njira yoti galu adikirire pakhomo panu, musayembekeze kuti aitchula. Tsamba la 6 mudzaze lonse.

Pa 5 Novembala, usiku womwe kuno amaphulitsa makombola, tinali pakati pa makatoni tikulongedza. Chaka chapitacho Bonya anabisala kuseri kwa sofa akunjenjemera mpaka m'bandakucha, ndipo mwana wanga anazilemba pa tsamba lachiwiri la malangizo ake: tsekani makatani, yatsani wailesi, musamukoke. Cha m'ma 8 koloko foni yanga inalira. Inali vidiyo ya masekondi 15 kuchokera ku Derbyshire. Makatani otseka, wailesi ikulankhula za mpira, kunja kukuphulika. Pansi pa tebulo pakuoneka mphuno yokha pa bulangete lathu lija. Kenaka mawu a bambo wachikulire, akuwerenga papepala pang'onopang'ono: "Bwe-la koo-no, Bonya. Bwe-la koo-no." Mphuno ija inasuntha. Mwana wanga anandilanda foni, n'kukhala nayo pa katoni ya mapoto, akuibwereza.